Kompyuta Imene Inkakana Kudzuka M'mawa

Kompyuta yanga ndinailumikiza ndekha, chipangizo chimodzichimodzi, ndipo kwa miyezi isanu ndi itatu sinandidandaulitsepo. Ndiye tsiku lina madzulo ndinaizula kukhoma kuti ndisunthe tebulo, n'kukagona. Kutacha ndinabwezera pulagi n'kudina batani. Mafani anazungulira, magetsi a m'kesi anayaka, koma sikirini inangoti bii. Patapita masekondi ngati 15 zonse zinazima zokha. Ndisanatambasule n'komwe dzanja, zinayakanso. Zinatero katatu, ndipo ulendo wachinayi m'pamene chizindikiro cha motherboard, bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, chinaoneka, Windows n'kutseguka ngati palibe chimene chachitika.

Tsiku lonselo inagwira ntchito osadodoma. Ndinadina Restart kasanu, ndipo kasanu konse inadzuka msanga. Usiku ndinaizimitsiratu dala. M'mawa mwake nkhani inali yomweija, kungoti ulendo uno inakathera pa sikirini yakuda ya zilembo zoyera, yondiuza kuti masetingi alephera, ndidine F1 ndilowe mu BIOS, pulogalamu ya pa motherboard imene imadzutsa kompyuta ndi kuyendetsa masetingi ake.

Ndikuuzeni kaye zimene zili m'katimo, chifukwa popanda zimenezi nkhaniyi simveka. Purosesa ndi Ryzen 5 3600, ya m'chaka cha 2019, ya ma core 6, kutanthauza timapurosesa 6 m'kati mwake. Opanga anaiika kuti iziyenda pa 3.6 GHz n'kumakwera yokha mpaka 4.2 GHz ntchito ikafuna. Ine ndinaimangirira pa 4.2 GHz ma core onse, nthawi zonse, pa volteji ya 1.25. Ma RAM, mmene kompyuta imasungamo zimene ikugwira pa nthawiyo, ndi awiri, a DDR4, iliyonse 8 GB, ndipo pa pepala lake analemba liwiro la 3200. Ine ndinawakankhira pa 3600. Pa mapurosesa a mtundu umenewu pali njira ya m'kati yotchedwa Infinity Fabric, imene imayenda bwino kwambiri ikamayendera limodzi ndi RAM, choncho nayonso ndinaikweza kufika pa 1800 MHz. Kumeneku ndiye kuchita overclock: kuthamangitsa chipangizo kuposa liwiro limene opanga analonjeza.

Khalidwe limeneli silinayambe dzulo. Mu 1998 anthu ankagula Celeron 300A ya Intel, n'kusintha liwiro la bus, njira yolumikiza purosesa ndi motherboard, kuchoka pa 66 MHz kufika pa 100 MHz, purosesa ya 300 MHz n'kumathamanga pa 450 MHz. Masiku ano phindu lake ndi lochepa kwambiri poyerekeza ndi nthawi imeneyo, chifukwa mapurosesa amadzikweza okha kufika pafupi ndi malire awo. Komabe ndimakonda ntchitoyi, ndipo sindibisa. Umaphunzira mmene makina ako amagwirira ntchito m'njira imene sungaidziwe ukangogula yolumikiza kale. Kungoti walira mvula walira matope.

Chimene chinandisocheretsa poyamba n'chakuti ndinali ndi umboni woti overclock yangayo ndi yokhazikika. Nditangoikonza ndinaliza Prime95 maola 12 osaima. Pulogalamu imeneyi, ya George Woltman, anailembera kusaka manambala akuluakulu a prime otchedwa a Mersenne, koma chifukwa choti imatopetsa purosesa kwambiri, anthu a overclock anaisandutsa muyeso wawo. Ndinalizanso MemTest86, pulogalamu yoyesa RAM, kuchokera pa fulashi, inazungulira kanayi, osapeza cholakwa ngakhale chimodzi. Ndiye mumtima ndinati overclock ilibe mlandu, wolakwa ndi power supply, bokosi lopereka magetsi ku zipangizo zonse, mwina yayamba kufooka.

Ndinaiyesa. Ndinazula mawaya ake onse m'zipangizo, n'kutenga kawaya kopanira mapepala n'kulumikiza pini 16 ya pulagi yaikulu ya mapini 24, imene pa mawaya a mitundu imakhala yobiriwira, ndi pini ya waya wakuda, kuti iyake payokha. Fani yake inazungulira. Ndi multimeter ndinapeza 12.1 pa njira ya mavoti 12, ndipo muyezo wa ATX umalola kuyambira 11.4 mpaka 12.6. Njira ya mavoti 5 ndi ya 3.3 nazonso zinali m'malire. Muyeso umenewu sunena zonse, popeza power supply imene sinasenze katundu imatha kuoneka yabwino pamene ili yofooka, koma unali wokwanira kundiuza kuti ndiyang'ane kwina. Apa ndikupempheni chinthu chimodzi: bokosi la power supply musalitsegule. M'katimo muli ma capacitor amene amasunga magetsi oti akhoza kupha munthu ngakhale mutazula pulagi.

Madzulo a tsiku lachiwirilo ndinachita chinthu chimene chinanditayitsa tsiku lathunthu. Mtima unali m'mwamba, ndipo ndinkafuna kuti vutolo lithe usiku womwewo. Ndinazula graphics card yotumiza zithunzi ku sikirini, ndinazula ma RAM, ndinamasula choziziritsira purosesa n'kupaka thermal paste yatsopano, phala lija lothandiza kutentha kuchoka mu purosesa, ndinapukuta fumbi, ndinasintha kabatire ka CR2032 ka pa motherboard, ndinazula mawaya onse n'kuwabwezeranso. Zonsezi nthawi imodzi. Nditadina batani, mafani anazungulira, koma kompyuta sinazimenso n'kuyakanso ngati kale. Inangokhala duu, sikirini ili bii, mphindi zisanu, mphindi khumi.

Ndinaimbira mnzanga wina amene wakhala akukonza makompyuta kwa zaka zambiri. Ndinamufotokozera zonse mothamanga, iye n'kungondidula.

"Aise, kagetsi kakuyaka ndi kati?"

"Kagetsi kanji?"

"Yang'ana m'mphepete mwa motherboard, pafupi ndi pulagi yaikulu ija. Pali timagetsi tinayi. Ndiuze kamene kakuyaka."

Ndinawerama n'kuyang'ana. Timagetsi tinayi tondondozana, tolembedwa CPU, DRAM, VGA, BOOT. Kapamwamba, ka CPU, kanali psuu.

"Nanga dzulo kankayaka ndi kati?"

Ndinasowa choyankha. Masiku awiri onsewo maso anga anali pa sikirini, pamene motherboard inali kundiuza pamene yaimira.

"Ndiye kuti mwina tsopano uli ndi mavuto awiri," anatero. "Limodzi unalipeza, lina walipanga wekha lero. Yamba ndi lalerolo."

Timagetsi timeneti n'tofunika kutimvetsa, chifukwa timatsatira ndondomeko imene kompyuta imadutsamo isanaonetse chilichonse. Kompyuta ikakhala yozima koma ili kukhoma, power supply imakhala ikupereka kale mavoti 5 pang'ono odikirira batani. Mukadina, motherboard imauza power supply kuti iyatse njira zonse. Magetsi akakhazikika, power supply imatumiza chizindikiro chotchedwa Power Good, chimene chimafika pakati pa mamilisekondi 100 ndi 500. Apa m'pamene purosesa imayamba kuwerenga malangizo a BIOS pa kachipu ka pa motherboard. Ikatero imafunsa RAM iliyonse kuti ndi ya mtundu wanji, powerenga kachipu kake ka SPD, n'kuyamba kugwirizana nayo. Ikadutsa pamenepo imasaka graphics card, ndipo pomaliza imasaka disiki imene ili ndi Windows. Ulendo wonsewu ndi umene amautcha POST. Kagetsi kalikonse kamayaka pamene gawo lake likuyesedwa n'kuzima likatheka. Kamene kakhalabe koyaka n'kamene kakuloza pamene ulendo waimira. Ma motherboard amene alibe timagetsi amalankhula ndi kulira kwa kasipika, ndipo tanthauzo la kulira kulikonse limalembedwa m'kabuku ka motherboardyo.

Usiku umenewo ndinkaganiza kuti ndapha purosesa. Pa soketi ya AM4 mapini amakhala pa purosesa penipenipo, onse 1331, opyapyala ngati tsitsi, ndipo thermal paste ikauma, choziziritsira chimatha kuzulira purosesa kumodzi n'kupinda mapini. Ndinaichotsa, n'kuiunika ndi tochi ya foni cham'mbali, mzere ndi mzere, kenaka n'kuitembenuza kuti ndione mizere yopingasa. Onse anali chilili. Ndinaibwezera, ndinatsitsa kachitsulo kotsekera, ndinayatsa. Kagetsi ka CPU kanali psuu chimodzimodzi. Ndinakagona mtima uli wosweka.

M'mawa, kunja kutawala, ndinagoneka kesi patebulo n'kuyamba kuyang'ana pulagi iliyonse ndi maso, osati ndi zala. Pakona ya kumtunda chakumanzere pali pulagi ya mapini 8 imene imapereka mavoti 12 ku purosesa. M'kesi yanga malo amenewo ndi opanikiza, pakati pa choziziritsira ndi fani ya pamwamba, moti dzulo lake ndinailowetsa mongopapasa. Inaoneka ngati yalowa. Koma nditaunika bwino, kambedza kake kotsekera kanali m'mwamba, ndipo pakati pa pulagi ndi soketi panali kampata koti chikhadabo n'kulowa. Ndinamasula fani ija kuti dzanja lipeze malo, ndinakanikiza ndi chala chachikulu, n'kumva kuti khethe. Nditayatsa, kagetsi ka CPU kanayaka n'kuzima. Ka DRAM kanayaka, n'kukhala.

Sindinasangalalepo ndi kagetsi kofiira ngati mmene ndinasangalalira nako nthawi imeneyo. Purosesa inali yamoyo, ndipo vuto loyamba lija linali litadzionetsa.

Poti tatchula pulagi imeneyi, samalani nayo. Ya purosesa imagawika 4 ndi 4, pamene ya graphics card imagawika 6 ndi 2. Zonse ndi za mapini 8 ndipo zimafanana, koma mawaya ake sanayalidwe mofanana. Komanso ngati power supply yanu ndi ya mawaya ochotseka, musabwereke waya wa power supply ina ngakhale utalowa bwinobwino, chifukwa mbali yolowa m'bokosilo kampani iliyonse imayala mapini mwa njira yake. Ma disiki ambiri apsa chifukwa cha zimenezi.

Tsopano funso linali lakuti: RAM imene inapambana MemTest86 ikulephera bwanji podzuka? Yankho lake ndi limene landichititsa kulemba nkhaniyi. Mapulogalamu oyesera onsewa amayamba ntchito kompyuta itadutsa kale POST. Amayesa kuthamanga. Sayesa kudzuka, ndipo kudzuka ndi mayeso ena paokha.

Pa liwiro la 3600, waya uliwonse wa pakati pa purosesa ndi RAM umatumiza zizindikiro 3.6 biliyoni pa sekondi. Chizindikiro chimodzi chimakhalapo kwa nanosekondi 0.28 yokha, nthawi imene ngakhale kuwala kumangoyenda masentimita 8. Mawaya a pa motherboard si ofanana kutalika ndendende, ndipo kutentha kumasintha mmene magetsi amayendera m'menemo. Choncho podzuka, purosesa imatumiza zizindikiro zoyesera ku RAM, n'kumasuntha nthawi yowerengera pang'onopang'ono mpaka itapeza pakatikati pa kampata kamene uthenga ukumveka bwino. Ntchito imeneyi amaitcha memory training. Pa liwiro lotsika kampatako n'kotakasuka ndipo sikavuta kukapeza. Mukamakweza liwiro kamapanikizika. Mukafika m'malire, tsiku lina purosesa imakapeza, tsiku lina imakaphonya, ndipo ikakaphonya motherboard imazimitsa zonse n'kuyesanso. Kuzima n'kuyaka katatu kuja kunali kumeneku.

N'chifukwa chakenso Restart sinkavuta. Makina amakhala atafunda kale, ndipo ma motherboard ambiri amagwiritsanso ntchito zotsatira za training yapitayo m'malo moyambira pachiyambi. Ine ndinali ndi chizolowezi chosiya kompyuta pa Sleep, pamene RAM imakhalabe ndi magetsi ndipo training sichitikanso. Kwa milungu ingapo ndinali ndisanaizimitsiretu. Usiku wosuntha tebulo uja ndiwo unali woyamba.

Ulendo uno ndinaugwira mtima. Ndinatulutsa motherboard m'kesi n'kuiika pa katoni yake. Ndinasiyapo purosesa, choziziritsira, RAM imodzi mu mpata wa A2, ndi graphics card, popeza purosesa imeneyi ilibe mbali yoonetsa zithunzi payokha. Ndinazula pulagi kukhoma, ndinadina batani kangapo kuti magetsi otsalira athe, n'kugunditsa mapini awiri a Clear CMOS ndi nsonga ya screwdriver kwa masekondi khumi. Zimenezi zimafufuta masetingi onse a BIOS n'kubwezera a kufakitale. Poyatsa ndinagunditsa mapini awiri a batani loyatsira ndi screwdriver yomweyo. CPU, DRAM, VGA, timagetsi tinayaka n'kuzima motsatana, BIOS n'kutseguka. RAM inali pa 2133, volteji 1.2. Ndinazimitsa n'kuyesa RAM inzake payokha, nayo inadzuka. Ndinaika zonse ziwiri, A2 ndi B2, zinadzuka. Panalibe chipangizo chakufa.

Nditabwezera disiki, kagetsi ka BOOT kanakhala koyaka ndipo Windows sinapezeke. Apa ambiri amachita mantha n'kuthamangira kuikanso Windows, kutaya mafayilo awo pachabe. Clear CMOS simafufuta overclock yokha. Imabwezeranso ndondomeko ya disiki yoyambira, setingi ya CSM, yolola kompyuta kudzuka mwa njira yakale, ndi ya AHCI kapena RAID, yonena mmene kompyuta imalankhulira ndi disiki. Windows imene inaikidwa pa setingi ina sidzuka pa inzake, ndipo nthawi zina imaonetsa sikirini yabuluu ya INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Kwa ine inali CSM, ndipo nditaibwezera mmene inalili Windows inatseguka. Amene disiki yanu ndi yotsekedwa ndi BitLocker, pezeranitu kiyi yanu ya manambala 48 musanagwire BIOS, chifukwa kusintha kotereku kukhoza kuchititsa kuti ikufunseni.

Kenaka ndinatenga kope ndi cholembera. Ndinadziikira lamulo lakuti ndizisintha chinthu chimodzi chokha, ndichilembe, ndiyeno ndiyese kudzutsa kompyuta kasanu ili yozizira: kuzimitsa, kuzula kukhoma, kudikira theka la ola, kuyatsa. Ndinazimitsanso Fast Startup mu Windows, imene kuyambira pa Windows 8 imachititsa kuti Shut down isakhale kuzimitsa kwathunthu, kuti pasakhale china chosokoneza zotsatira. Ntchito yake ndi yotopetsa. Kusintha kumodzi kumadya maola awiri ndi theka, ndipo ambiri mwa maolawo umangodikira. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Masetingi a kufakitale anadzuka kasanu konse. Nditabwezera purosesa pa 4.2 GHz, RAM ndisanaikhudze, kasanu konse. Apa purosesa inachoka pa mlandu. Nditayatsa XMP, imene imaika RAM pa 3200 ndi volteji 1.35 monga analembera pa pepala lake, kasanu konse. Nditakweza kufika pa 3600 ndi Infinity Fabric pa 1800, kagetsi ka DRAM kanakhala koyaka kawiri mwa kasanu. Ndinali nditalipeza, ndipo ndinkatha kulibweretsa ndikafuna.

Chinatsala n'chakuti masetingi omwewa anayenda bwanji miyezi yonse ija. Ndikufufuza m'foni ndinapeza chithunzi cha sikirini ya BIOS chimene ndinajambula tsiku limene ndinamaliza overclock. Volteji ya DRAM inali 1.40. Pamenepo ndinakumbukira kuti masiku angapo vutoli lisanayambe ndinali nditaika BIOS yatsopano. Kuika BIOS yatsopano kumafufuta masetingi, ndipo ine ndinawabwezera kuchokera m'mutu. Liwiro ndinalikumbukira. Volteji ndinaiiwala, n'kutsala pa 1.35 ya XMP. Kusiyana kwake ndi 0.05 basi. Tsiku limenelo makina anali ofunda, training inatheka, ndipo kuyambira pamenepo ndinkangoisiya pa Sleep.

Nditabwezera 1.40 inadzuka kasanu konse, ndipo m'mawa wotsatira inadzukanso ulendo umodzi. Ndikanatha kulekera pomwepo. Koma mnzanga uja anandiuza kuti ndisanatseke kesi nditsegule Event Viewer, buku limene Windows imalembamo zochitika zake, n'kusaka mauthenga a WHEA-Logger. Ndinawapeza, ambirimbiri, a nambala 19, onena za Bus/Interconnect Error. Uthenga umenewu umatanthauza kuti purosesa inapeza cholakwa m'njira zake za m'kati n'kuchikonza yokha, kompyuta osagwa. Pa mapurosesa a mtundu uwu kawirikawiri umaloza ku Infinity Fabric imene yakankhidwa kupyola pamene ingathe. Nditatsika m'munsi kuona masiku ake, ndinapeza kuti akale kwambiri anali a miyezi yambiri BIOS yatsopano ija ndisanaiike.

Izi zinandikhudza kuposa pulagi ija. Miyezi yonse imene ndinkanena kuti makina anga ndi okhazikika, iwo anali akupunthwa mwakachetechete n'kumadzidzutsa okha, n'kumalemba m'buku limene sindinkalitsegula. Prime95 sinaname, MemTest86 nayonso sinaname. Iliyonse inayankha funso limene inafunsidwa, ndipo mafunso enawo sindinawafunse. Ndipo nkhawa yanga sinali pa liwiro ayi, koma pa mafayilo. Uthenga ukamasokonekera pakati pa purosesa ndi RAM, cholakwa chimene sichinagwidwe chikhoza kukalembedwa pa disiki, m'chithunzi kapena m'chikalata, n'kudzaonekera patapita miyezi. N'chifukwa chake ndimaona kuti kompyuta imene mumasungiramo ntchito yanu siyenera kukhala m'malire penipeni, ngakhale manambala atakoma bwanji. Ndipo pa chifukwa chomwechi, musanaike BIOS yatsopano, bwezerani kaye zonse pa masetingi a kufakitale.

Mnzanga anati ndikhoza kuyesa kukweza volteji ya SoC, mbali ya purosesa imene imayendetsa RAM ndi Infinity Fabric. Ndinaiika pa 1.1. Mauthenga aja anachepa koma sanathe. Kupyola pamenepo sindinafune, chifukwa kutentha kumakwera msanga volteji ikamakwera, ndipo phindu limene ndinkalithamangira linali laling'ono. Ndinatsitsa RAM kufika pa 3466 ndi Infinity Fabric pa 1733. Ndinabwereza zonse: kudzutsa kasanu ili yozizira, MemTest86 usiku wonse, Prime95 tsiku lotsatira, kenaka lamulo la sfc /scannow kuti Windows ione ngati mafayilo ake ali bwino. Pogwira ntchito za tsiku ndi tsiku, kusiyana kwa 3600 ndi 3466 sindikumva n'komwe.

Ndinabwezera zonse m'kesi. Ulendo uno pulagi ya mapini 8 ndinailowetsa ndisanamange fani ya pamwamba, ndikuiona ndi maso. Masetingi onse ndinawasunga ngati profile mu BIOS, komanso ndinawalemba papepala n'kulimata m'kati mwa chitseko cha kesi, popeza profile ya BIOS yakale nthawi zambiri sigwira pa yatsopano. Papepalapo pali mizere isanu ndi umodzi: liwiro la purosesa ndi volteji yake, liwiro la RAM ndi volteji yake, Infinity Fabric, SoC, CSM, ndi nambala ya BIOS pamodzi ndi tsiku.

Patha milungu itatu tsopano. Usiku uliwonse ndimaizimitsiratu, ndipo m'mawa ndikadina batani ndimawerama kaye kuyang'ana pagalasi la kesi. Ka CPU kamayaka n'kuzima, ka DRAM kamakhalako masekondi awiri kapena atatu, kenaka VGA, kenaka BOOT. Dzulo ndinatsegulanso Event Viewer. Uthenga womaliza wa nambala 19 ndi wa madzulo aja ndisanatsitse Infinity Fabric kufika pa 1733.